CHIGAYO CHA LEIBNIZ: KODI KUGANIZA NDI KUWERENGERA?

Masiku ano munthu angathe kulemba funso pa foni yake, ndipo asanaphethire n'komwe yankho lafika kale, lolembedwa m'ziganizo zosalala ngati za mphunzitsi wodziwa ntchito yake. Woyankhayo si munthu ayi, koma makina. Achinyamata sazizwa nazo kwenikweni, pamene akuluakulu amangogwira pakamwa. Komabe m'mabanja ambiri mwabuka funso limene sitingalithe ndi kuseka: ngati chitsulo ndi magetsi zikutha kuyankha motere, kodi kuganiza n'chiyani, nanga munthu wasiyana pati ndi chipangizo chimene wapanga yekha?

Funsoli si latsopano monga momwe tiyesera. Kunena zoona, ndi funso lomweli limene linabala makinawo. Inde, amalonda ndi asilikali anathirapo chuma chawo, koma mbewu ya kompyuta inafesedwa ndi anthu amene sankasamala za malonda. Iwo ankafuna kudziwa ngati maganizo a munthu ali ndi malamulo, ndiponso ngati malamulowo angalembedwe momveka kotero kuti ngakhale chinthu chopanda moyo chiwatsate. Mitsinje inayi inakumana pa dambo limeneli: maphunziro a chilankhulo, maphunziro a kalongosoledwe ka mfundo amene kusukulu amawatcha lojiki, luso la kuwerengera, ndi filosofi ya maganizo a munthu. Tiyeni tilondole mitsinjeyi kuchokera ku akasupe ake. Tidzaona chinthu chodabwitsa, chakuti anthu amene anakankhira patsogolo loto limeneli ndi omwewonso amene anayamba kuona malire ake.

Nsanamira za mfundo

Aristotle, Mgiriki amene anakhala ndi moyo kuyambira chaka cha 384 mpaka 322 Khristu asanabadwe, anazindikira kanthu kooneka kakang'ono kamene kanadzasenza zonse zotsatira. Titenge mfundo iyi: mbalame zonse zili ndi nthenga, nkhwali zonse ndi mbalame, tsono nkhwali zonse zili ndi nthenga. Iye anaona kuti mphamvu ya mfundoyi siili mu nkhwali kapena mu nthenga, koma m'kaimidwe ka mawu. Chotsani nkhwali muikepo chilembo, chotsaninso mbalame ndi nthenga muikepo zilembo zina, mfundoyo iimabe nji, monga nyumba imene imakhalabe pa nsanamira zake ngakhale mutasasula udzu wonse wa padenga. Apa ndi pamene panayambira ganizo lakuti mfundo ingayesedwe ngati ili yolondola popanda kuyang'ana chimene ikunena.

Mmodzi mwa anthu oyamba kuyesa kuika ganizo lotere pa chipangizo chogwirika anali Ramon Llull, amene anabadwa cha m'ma 1232 pa chilumba cha Majorca, patangopita zaka zochepa Akhristu atachilanda kwa Asilamu. Anali munthu wapabanja, wa ana awiri, wotumikira kunyumba ya mfumu ndi wopeka nyimbo zachikondi. Ali ndi zaka ngati 30 anatembenuka mtima, ndipo anatha zaka 9 akuphunzira, makamaka Chiarabu, kuti azikambirana za chikhulupiriro ndi Asilamu m'chilankhulo chawo.

Llull anaona kuti pa mtsutso wa zipembedzo aliyense amatsegula buku lake loyera, ndipo mnzake amalikana, nkhani n'kuthera pomwepo. Tsono iye anati ayambire pa zimene Mkhristu, Myuda ndi Msilamu amavomerezana: kuti Mulungu ndi wabwino, wamkulu, wamuyaya, wamphamvu, wanzeru, ndi zina zotero. Anasankha makhalidwe 9 otere, lililonse nalipatsa chilembo chake: B, C, D, E, F, G, H, I ndi K. Zilembozo anazilemba m'mphepete mwa mapepala atatu odulidwa mozungulira, laling'ono pamwamba pa lalikulu, onse omangidwa pakati kuti awiri azitha kuzungulira. Mukapotoloza mapepalawo, zilembo zimakumana mwatsopano. Zilembo 9 zingathe kukumana ziwiriziwiri m'njira 36, ndipo zitatuzitatu m'njira 84, ndipo kukumana kulikonse kumabala funso loti munthu alisinkhesinkhe: kodi ubwino ndi waukulu, kodi ukulu ndi wamuyaya? Motero Llull ankakhulupirira kuti palibe funso lofunika limene lingamuzembe.

Anapita nalo luso lakelo ku Tunis mu 1293, ndiponso ku Bougie mu 1307, kumene anamutsekera m'ndende kenaka n'kumuthamangitsa. Mapepala ake ozungulira sanathetse mkangano wa zipembedzo, ndipo sankaganiza okha, pakuti pankafunikabe munthu womasulira chimene zilembozo zikutanthauza. Koma iye anasiyira dziko ganizo lakuti mfundo zatsopano zingatuluke mwa kungosakaniza zizindikiro motsata lamulo. Anamwalira cha m'ma 1316, ndipo Papa Pius IX anavomereza mu 1847 kuti azilemekezedwa ngati Wodala.

Mpanda wa Descartes ndi chigayo cha Leibniz

Patapita zaka zoposa 300, René Descartes wa ku France, amene anaphunzira kwa Ajezuwiti ku La Flèche, anafunsa mu 1637 kuti tingasiyanitse bwanji munthu weniweni ndi makina opangidwa mofanana naye. Yankho lake linali chilankhulo. Iye anati makina angathe kutulutsa mawu ena mukawakhudza pakutipakuti, ngakhale kulira kuti mwawapweteka, monganso chinkhwe chimatchulira mawu amene chaphunzitsidwa. Koma sangathe kulumikiza mawu mwatsopano kuti ayankhe mogwirizana ndi chilichonse chimene chanenedwa pamaso pawo, chinthu chimene ngakhale munthu wosaphunzira amachita tsiku ndi tsiku. Anakumbutsanso kuti anthu obadwa osamva ndi osalankhula amadzipangira zizindikiro zawo zomvanira ndi anzawo. Umenewu ndiwo mpanda umene Descartes anamanga pakati pa munthu ndi makina, ndipo tiusunge m'mutu, chifukwa tidzaupezanso kutsogoloku. Ku England nako, Thomas Hobbes anaphunzitsa zosiyana mu 1651, nati kulingalira si kanthu kena koma kuwonkhetsa ndi kuchotsera, kungoti m'malo mwa manambala timagwiritsa ntchito mayina a zinthu.

Amene anasenza maganizo onse awiriwa pamutu umodzi anali Gottfried Leibniz wa ku Germany. Iye anabadwa mu 1646, kutatsala zaka ziwiri kuti ithe nkhondo ya zaka 30 imene inasakaza dziko lake, nkhondo imene inakolezedwa kwambiri ndi kusamvana kwa Akatolika ndi Apulotesitanti. Ali ndi zaka 20 anasindikiza kabuku ka luso la kusakaniza zizindikiro, momwe anatchulamo Llull. Loto la moyo wake wonse linali kupanga chilankhulo cha zizindikiro chimene ganizo lililonse likhale ndi chizindikiro chake, kotero kuti anthu awiri akasiyana maganizo asatukwanane kapena kusololerana malupanga, koma akhale pansi ndi cholembera n'kuwerengera mpaka aone amene walakwa. Sitiyenera kuliseka loto limeneli, chifukwa linachokera mumtima wa munthu amene anakulira pa mabwinja. Ngakhale anali wa mpingo wa Lutheran, anavutikira kwambiri kuyanjanitsa mipingo yogawanika.

Leibniz sanali wolota chabe. Mu 1673 anaonetsa ku London makina ake owerengera, amene anawakonza kuti azichulukitsa ndi kugawa manambala. Mu 1703 anasindikiza kalongosoledwe ka masamu olembedwa ndi zizindikiro ziwiri zokha, 0 ndi 1, amene makompyuta onse akuyendera lero.

Komatu munthu yemweyu, mu 1714, kutatsala zaka ziwiri kuti amwalire, analemba fanizo limene likuvutitsabe akatswiri mpaka pano. Anati tiyerekeze kuti alipo makina amene amaganiza, kumva ndi kuzindikira. Tsono tiwakulitse, chiwalo chilichonse molingana ndi chinzake, mpaka tithe kulowamo monga momwe munthu amalowera m'chigayo. Kodi tidzapezamo chiyani? Tidzapeza zitsulo zikukankhana, china chikuzunguza chinzake, koma sitidzapeza paliponse chinthu chotifotokozera kuti kumva kapena kuzindikira kukuchokera pati. Zigayo za masiku ake zinkayenda ndi madzi kapena mphepo, koma aliyense wa ife amene anaimapo m'chigayo n'kuona lamba akuthamanga, chimanga chikulowa uku ufa ukutuluka uko, akumva bwino chimene Leibniz ankanena. Chigayo chimagaya ndithu, koma sichidziwa njala.

Kuchokera kwa mwana wa wosoka nsapato kufika kwa Turing

Loto la Leibniz linagona zaka zoposa 100 mpaka linadzutsidwa ndi George Boole, mwana wa wosoka nsapato wa ku Lincoln ku England, amene anadziphunzitsa yekha masamu nadzakhala mphunzitsi wamkulu pa koleji ya ku Cork ku Ireland mu 1849. Mu 1854 anasindikiza buku lofufuza malamulo a kaganizidwe, momwe anaonetsa kuti mfundo zingawerengedwe ngati samu. Tinene kuti chilembo x chikuimira mbuzi zonse, ndipo y chikuimira zinthu zonse zakuda. Tikalemba xy tikunena mbuzi zakuda. Nanga tikalemba xx? Tikunena mbuzi zimene zili mbuzi, ndiye kuti mbuzi zomwezo basi. Tsono m'masamu a maganizo, x kuchulukitsa ndi x yankho lake ndi x yemweyo. Pa manambala onse, ndi awiri okha amene amatero, 0 ndi 1. Mu 1937 mnyamata wa zaka 21 wa ku America, Claude Shannon, anaonetsa kuti masamu a Boole angamangidwe ndi maswichi a magetsi, yoyatsa kuimira 1 ndi yozimitsa kuimira 0. Umu ndi momwe lojiki inalowera m'mawaya.

Pakati pa awiriwa panali Gottlob Frege wa ku Jena, amene mu 1879 anapanga chilankhulo cha zizindikiro chotha kulemba mfundo zovuta zimene njira ya Aristotle inkalephera. Zitatero, akatswiri a masamu anayamba kufunsa funso lolimba mtima, limene David Hilbert analiika poyera mu 1928: kodi ilipo njira imodzi yotsata mwandondomeko, yosafuna nzeru zapadera, imene ingatiuze za chiganizo chilichonse cha lojiki ngati chingatsimikizidwe kapena ayi?

Kuti ayankhe funsoli, Alan Turing wa ku Cambridge, mu 1936, asanakwanitse zaka 24, anayamba wafunsa kuti kutsata ndondomeko kumatanthauza chiyani. Masiku amenewo dzina lakuti kompyuta linkanena munthu, kalaliki wolembedwa ntchito yowerengera. Turing anamuyang'anitsitsa kalaliki wotereyu m'maganizo mwake, namuvula zonse zosafunika. Chimene chinatsala ndi ichi: pepala lalitali ngati lamba logawidwa m'timabokosi, diso loona kabokosi kamodzi pa nthawi, ndi mndandanda wa malamulo onena kuti ukaona chizindikiro chakuti, fufuta, lemba chakuti, sunthira kumanja kapena kumanzere. Iye anati chilichonse chimene chingawerengedwe motsata ndondomeko, makina osavuta oterewa angachiwerengere. Anaonetsanso kuti pangakhale makina amodzi otha kuwerenga malamulo a makina ena alionse n'kuchita ntchito yawo. Foni imene ili m'thumba mwanu ndi mdzukulu wa makina a papepala amenewa.

Koma taonani chodabwitsa. Turing anapeka makinawa pofuna kuonetsa zimene makina sangathe, ndipo yankho lake kwa Hilbert linali lakuti njira yotere palibe: alipo mafunso omveka bwino amene palibe ndondomeko imene ingawayankhe onse. Zaka zisanu m'mbuyo mwake, mu 1931, Kurt Gödel wa ku Vienna anali ataonetsa kale kuti ndondomeko iliyonse ya malamulo a masamu, ngati ili yokwanira kuwerengera ndipo siidzitsutsa, imasiya ziganizo zina zimene siingathe kuzitsimikiza kapena kuzikana. Motero kompyuta inabadwa tsiku limodzi ndi chikalata cha malire ake. Tisafulumire kunena kuti zimenezi zatsimikiza kuti munthu aposa makina, pakuti akatswiri akutsutsanabe ngati malire omwewo sakumanganso munthu. Chimene chinatsimikizika n'chakuti loto la Leibniz, loti mkangano uliwonse uthe ndi kuwerengera, silingakwaniritsidwe lonse ngakhale m'masamu momwe.

Mu 1950 Turing anabwerera ku mpanda wa Descartes. Anati m'malo mokangana za tanthauzo la kuganiza, tiike munthu ndi makina kuseri, wofunsa azilemberana nawo osawaona. Ngati wofunsayo alephera kuzindikira kuti munthu ndi uti, tili ndi chifukwa chanji chokanira kuti makinawo akuganiza? Apa chilankhulo chinasanduka bwalo pamene mlandu wonse uyenera kuzengedwa.

Makina akumana ndi chilankhulo

Mmodzi mwa anthu oyamba kupatsa makina mawu m'malo mwa manambala anali wansembe. Bambo Roberto Busa, Mjezuwiti wa ku Italy, ankafufuza chimene Thomas Aquinas Woyera amatanthauza ponena kuti chinthu chili mwa chinzake, monga Mulungu mwa zolengedwa. Anapeza kuti chinsinsi chili m'kamawu kakang'ono ka Chilatini kofanana ndi "mu" wathu, ndipo analemba pamanja makadi 10,000 akulondola kamawuko. Ataona kuti moyo wa munthu mmodzi sungakwanire, mu 1949 anapita ku New York kukapempha thandizo kwa Thomas Watson, mkulu wa kampani ya IBM. Ntchitoyo inatenga zaka ngati 30. Ku Gallarate, atsikana ambiri anaphunzitsidwa kuboola makadi, liwu ndi liwu, mpaka anakwana mawu pafupifupi 11 miliyoni, ndipo pofika 1980 mabuku 56 a Index Thomisticus anali atasindikizidwa. Makina ankasanja ndi kuwerenga mawu mosatopa, koma kugamula kuti liwu lakuti lachokera ku tsinde liti, pamene mawu awiri alembedwa mofanana, inali ntchito ya anthu odziwa Chilatini.

Ena anali ndi changu choposa. Pa 7 January 1954, yunivesite ya Georgetown pamodzi ndi IBM anaonetsa makina akumasulira ziganizo zoposa 60 kuchokera m'Chirasha kupita m'Chingerezi, pogwiritsa ntchito mawu 250 ndi malamulo 6 okha. Okonza ake analonjeza kuti m'zaka zitatu kapena zisanu vuto la kumasulira lidzakhala litatha. Mu 1966 komiti imene inaunika ntchitoyi ku America inapeza kuti lonjezolo silinakwaniritsidwe, ndipo thandizo la ndalama linachepa kwambiri.

Nthawi yomweyo Noam Chomsky, m'buku lake la mu 1957, anatenga zida za lojiki n'kuzigwiritsa ntchito pa galamala. Funso lake linali lomwe lija la Descartes: zitheka bwanji kuti mwana, atamva ziganizo zowerengeka, amatha kunena ndi kumva ziganizo zimene sizinanenedwepo chiyambire? Yankho lake linali lakuti m'mutu mwa mwana muli malamulo ochepa otha kudzibwereza. Tinganene kuti "galu wathamangitsa nkhuku," kenaka "galu wathamangitsa nkhuku imene inajompha chimanga," kenakanso "chimanga chimene anayanika amayi amene abwera dzulo," osafika pothera. Malamulo owerengeka, ziganizo zosawerengeka. Kasanjidwe kake ka mitundu ya galamala kanathandizanso amene ankapanga zilankhulo zolamulira makompyuta.

Chichewa chathu chinaitanidwanso ngati mboni pa mlanduwu. Mu 1987 Joan Bresnan wa ku Stanford ndi Sam Mchombo, katswiri wa ku Malawi, anasindikiza kafukufuku wotchuka wa momwe mneni wa Chichewa amagwirizanirana ndi mayina. Tikati "ana akukazinga chimanga," liwu lakuti chimanga liyenera kutsata mneni. Koma tikalowetsa kachidutswa kakuti "chi" mu mneni, timamasuka: "chimanga akuchikazinga ana," "ana chimanga akuchikazinga," zonse zikumveka. Iwo anaonetsa kuti kachidutswako kamagwira ntchito ya mlowam'malo wokhala m'kati mwa mneni, n'chifukwa chake dzina limatha kuyendayenda. Kafukufukuyu anachitika m'ndondomeko ya galamala imene Bresnan anakonza ndi Ronald Kaplan, yolembedwa mwakuti kompyuta ithe kuitsata. Agogo akumudzi amene sanapondeko m'kalasi amatsata lamulo limeneli osaphonya, ngakhale sangathe kulitchula.

Komabe malamulo a kasanjidwe ka mawu sakwanira. Tamvani ziganizo ziwiri izi: "mwana wakwera mtengo," ndi "shuga wakwera mtengo." Papepala zamangidwa mofanana ndendende. Chimene chimatiletsa kuthamangira panja kukatsitsa shuga pa nthambi si galamala ayi, koma kudziwa dziko: timadziwa kuti shuga alibe miyendo, ndipo tinaimapo m'golosale ndalama zitaperewera.

Chipinda cha Searle ndi makina a lero

Mu 1980 John Searle wa ku Berkeley anamanganso chigayo cha Leibniz ndi njerwa zatsopano. Anati tiyerekeze munthu wosadziwa Chitchaina watsekeredwa m'chipinda, ali ndi buku lalikulu la malamulo m'chilankhulo chake. Anthu akunja akumulowetsera mapepala a zilembo za Chitchaina. Iye akuyang'ana m'buku, napeza kuti zilembo zooneka mwakuti ziyankhidwe ndi zilembo zooneka mwakuti, nazikopera, n'kutulutsa pepalalo. Akunja akukondwa kuti m'chipindamo muli wodziwa Chitchaina, chonsecho iye sakumva ngakhale liwu limodzi. Searle anati kompyuta ili ngati munthu ameneyu: ili ndi kasanjidwe ka zizindikiro, koma ilibe tanthauzo.

Otsutsa sanasowe. Ena anati ngakhale munthuyo sakumva, chipinda chonse pamodzi ndi buku lake ndicho chikumva. Enanso anabweza fanizo la Leibniz kwa mwini wake, nati mutakulitsa ubongo wa munthu n'kulowamo, simudzaonanso ganizo, koma timitsempha tikupatsirana mphamvu. Kodi mudzati munthunso saganiza? Mafunso amenewa ndi olemera, ndipo mlanduwu sunagamulidwe.

Pakali pano makina asintha njira. Amene anayamba kudabwitsa dziko pamene ChatGPT inatulutsidwa mu November 2022 sayendera malamulo a galamala olembedwa ndi munthu. Amaphunzitsidwa pa mulu wosaneneka wa zolemba za anthu, ntchito yawo ili kulosera kachidutswa ka mawu kamene kayenera kutsatira, ndipo manambala miyandamiyanda a m'kati mwawo amasinthidwa pang'onopang'ono mpaka kuloserako kukhale kolondola. Mwa njira imeneyi amatha kusiyanitsa mtengo wa shuga ndi mtengo wa mango, poti anthu ambirimbiri anasiyanitsa kale m'zolemba zawo. Amathanso kunena bodza mosadodoma, ndi mawu okoma omwewo amene amanenera zoona. Tivomereze poyera kuti mpanda wa Descartes wagumuka: makina akulumikiza mawu mwatsopano ndi kuyankha pafupifupi chilichonse. Koma chigayo cha Leibniz chikadali chiimire, pakuti kuyankha bwino sikunatiuze ngati m'katimo muli wina amene akumva.

Tiime pati?

Mbiri imeneyi ikutiphunzitsa kuti tisamange ulemu wa munthu pa zinthu zimene makina sanathebe kuchita, chifukwa malire amenewo amasuntha chaka ndi chaka. Kale ankati makina sangachulukitse manambala, kenaka ankati sangamasulire, kenaka ankati sangacheze. Ndiponso pali choopsa china chachikulu. Tikanena kuti munthu ndi munthu chifukwa cholankhula mosalala ndi kuwerengera msanga, tidzati chiyani za khanda la masiku atatu, za mbale wathu wodwala amene lilime lauma, kapena za agogo amene ayamba kuiwala mayina a ana awo? Muyeso umene ungakweze makina kukhala munthu ndi womwewo umene ungatsitse anthu amenewa.

Thomas Aquinas, amene mawu ake Bambo Busa anawawerenga ndi makina, anasiyanitsa zinthu ziwiri zimene nzeru imodzi ya munthu imachita. China ndi kulingalira, kuyenda kuchoka pa mfundo iyi kupita pa inayo. China ndi kumvetsa, kufika pa choona n'kuchigwira. Iye anati kulingalira kuli ngati ulendo, kumvetsa kuli ngati kufika. Mbiri yonse imene tafotokozayi, kuyambira mapepala a Llull mpaka foni ya lero, ndi mbiri ya kupatsira makina ulendowo, ndipo pa ntchito imeneyi anthu apambana modabwitsa. Aquinas sanaonenso munthu ngati mzimu wotsekeredwa m'chipinda cha thupi, koma ngati chamoyo chimodzi, thupi ndi mzimu, chimene chimadziwa dziko kudzera m'maso, m'manja ndi m'njala yake. Chikalata cha Antiqua et nova, chimene Likulu la Mpingo ku Roma linatulutsa mu January 2025, chinabwerera ku chiphunzitso chomwechi pokamba za makina amenewa, nichikumbutsa kuti udindo wa zimene makina achita umakhalabe pa anthu.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikulowa m'nyumba zathu. Mawu a munthu ali ndi mwini wake amene amaima kumbuyo kwawo. Mkwati akati "ndikulonjeza," wapereka moyo wake ngati chikole. Mboni ikanama pabwalo la mfumu, manyazi ndi chilango zimagwera iyo. Wopepesa pamaliro amabwera ndi mapazi ake, n'kukhala pansi pamodzi ndi ofedwa usiku wonse. Makina angathe kulemba mawu onsewa mokoma kuposa ife, koma sataya kanthu akaphwanya lonjezo, ndipo sitingawaitanire ku bwalo. Tsono ana athu awagwiritse ntchito makinawa monga Bambo Busa anachitira, kuwasenzetsa katundu wolemera wa kusanja ndi kufufuza. Koma mwana akabwera ndi yankho losalala la pa foni, kholo limufunse mafunso awiri amene chigayo sichingamuyankhire: kodi wamvetsa chimene wanenachi, nanga uli wokonzeka kuchiimira kuti n'choona?